Mfuti yatsopano m'dzanja lozolowera yakale

Ine ndikamva kuti apolisi akwakuti awagulira mfuti zatsopano, za mtengo wake sindilabadira kwenikweni. Chimene ndimafuna kumva n'chakuti wapolisi aliyense amuphunzitsa masiku angati asanaimangirire m'chiuno n'kulowa nayo pakati pa anthu.

Taonani zimene zinachitika kwa apolisi a Los Angeles County, ku America. Kwa zaka zambiri ankanyamula pisito ya Beretta 92, kenako akuluakulu anabweretsa Smith & Wesson M&P. Zifukwa zake zinali zomveka. Yatsopanoyi ndi yosavuta kulasa nayo pamene walozetsa, ndipo chogwirira chake chimasinthika, moti ngakhale a manja ang'onoang'ono amaigwira bwino. Pamenepa ndilibe nawo mlandu. Koma mu 2012 mfuti zimene zinalira mwangozi m'manja mwa apolisiwa zinali 12, mu 2013 zinafika 18, mu 2014 zinakwana 30, ndipo 22 mwa zimenezi zinali zatsopano zija.

Kodi mfutiyo inali ndi vuto? Ayi ndithu. Beretta ili ndi kaloko pambali kamene umayamba watsegula, ndipo kuti chipolopolo choyamba chituluke, chala chimakoka kachitsulo kowombera mwamphamvu, ngati ukunyamula makilogalamu 5. M&P imene anapatsidwa inalibe kaloko koteroko, ndipo imalira ndi mphamvu ya makilogalamu 3 basi. Tsono apolisi ambiri akale anaphunzitsidwa kuti ukangolozetsa mfuti, chala chikhale kale pa kachitsuloko. Pa Beretta chizolowezi chimenechi sichinkavulaza kawirikawiri. Pa yatsopanoyi kungodzidzimuka, kupunthwa pa sitepe, kapena kufinya dzanja poyatsa katochi komangirira kumfutiko, basi yalira. Zili ngati dalaivala amene wayendetsa galimoto ya magiya zaka 20, lero mwam'patsa ya otomatiki: mwana akadutsa mwadzidzidzi pamsewu, phazi lamanzere limapitabe kukafuna kilatchi.

Ofesi yoyang'anira kagwiridwe ka ntchito ka apolisiwa itafufuza mu 2015, inapeza kuti maphunziro a maola 8 amene ankapereka posinthapo anali osakwanira. Maola 8, abale! Tsiku limodzi la ntchito lichotse zimene chala chachita zaka zonsezo? Chimene chimandiwawa n'chakuti phunziroli silinali lachilendo. Apolisi a mumzinda wa Washington anayamba kunyamula pisito ya Glock 17 mu 1989, ndipo pofika 1998 nyuzipepala ya Washington Post inali itawerenga ngozi zoterezi zopitirira 120.

Ena anena kuti wapolisi ndi munthu wamkulu, anakhoza kale mayeso owombera, kumubweza kumaphunziro n'kumuchotsa ulemu. Ine ndikukana. Amene anakhoza ndi mfuti ina sanakhoze ndi iyi. Komanso mayeso ambiri amakhala oima chilili masana, chipepala chili patsogolo sichikusuntha, mphunzitsi n'kuimba wezulo. Wapolisi weniweni amasolola mfuti usiku, akuthamanga, mtima ukugunda, wina akukuwa kumbuyo kwake. Mayeso aone ngati chala chimakhala chowongoka m'mbali mwa mfuti kufikira atatsimikiza kuti awombere, aone mmene amaisololera ndi mmene amaibwezera m'chikwama chake cha m'chiuno, chifukwa apa ndi pamene ambiri amadziwombera mwendo.

Ndikudziwa kuti n'zodula. Zipolopolo zophunzirira zimadya ndalama, ndipo wapolisi akakhala kumaphunziro ndiye kuti pamsewu paperewera munthu. Koma bwana amene wasayinira ndalama zogulira mfuti osaika za maphunziro wagula theka la katundu, ndipo theka linalo adzalipira ndi wapolisi wake wopunduka mwendo, kapena mayi amene anangotsegula chitseko atamva kugogoda.

Ine ndikuti asinthe pang'onopang'ono, gulu ndi gulu, ndipo pakapita miyezi ingapo aliyense abwererenso kukayesedwa, poti chizolowezi chakale chimabwerera munthu akachoka pamaso pa mphunzitsi. Wolephera asachotsedwe ntchito kapena kuchititsidwa manyazi. Atule mfutiyo, ayambe wagwira za mu ofesi, aphunzire mpaka akhoze. Lamulo limeneli likhudze onse, ngakhale bwana wa nyenyezi paphewa amene akudikira kupuma ntchito chaka chamawa.