Chenjezo kwa inu obisa matewera m'thumba la mabotolo

Ndalemba izi mtima uli phuliphuli, ndipo amene zimukhudze zimukhudze ndithu.

Lachiwiri m'mawa ndinadutsa pa kashedi kamene ana athu amasankhirapo zinyalala, chakuseri kwa msika pa Kamuzu Road kuno ku Salima. Ndinapeza mtsikana wina, msinkhu wa mdzukulu wanga, atagwada akukhuthula thumba limene munthu anasiya pakhomo usiku. Pamwamba panali mabotolo a pulasitiki, ooneka bwinobwino. Pansi pake matewera anayi a mwana ndi zonse zake momwemo, matumbo a nsomba oyamba kale mphutsi, ndi magalasi a botolo losweka. Chala chake anali atachikulunga kansanza, magazi akutulukira pamwamba. Ndinati, "Mwanawe, magolovesi ali kuti?" Iye anati, "Agogo, anang'ambika kalekale, ndi zomwezi."

Inu amene munamanga thumba limenelo, munagona tulo? Munachita kusanja mabotolo pamwamba kuti zapansi zisaoneke, ndiye musatiuze kuti simunadziwe. Munadziwa kuti pali mwana wa mnzanu amene adzapisemo dzanja.

Mwina ena simumvetsa mmene ntchito ya pa shedipo imayendera, ndiye tamverani. Ogula mabotolo amagula pa sikelo, ndipo amafuna oyera ndi ouma. Botolo likakhudzana ndi chimbudzi cha mwana, palibe amaliyang'ananso. Makatoni ndi mapepala akanyowa ndi madzi a nsomba, atha ntchito pomwepo. Makoko a nthochi, masamba ofota a mpiru, zikhokho za nsima, phulusa ndi mankhusu a mpunga, zimenezo zimapita m'dzenje la manyowa, ndipo zikawolerana bwino zimabwerera kumunda. Koma mukaponyamo batire lakutha kapena galasi, mwaipitsa dzenje lonse, ndipo amene adzavulale ndi wopalira chimanga. Zinyalala zosakaniza ndi uve basi. Zikapatulidwa ndi pamene zimasanduka katundu. Anawa sanakupempheni ndalama. Anangoti zowola pazokha, mabotolo ndi zitini pazokha mutatsukuluza, magalasi pawokha, matewera musabweretse n'komwe. Chavuta pamenepa n'chiyani?

Mdzukulu wanga anandionetsa pa foni kamudzi kena ka ku Japan kotchedwa Kamikatsu, kumapiri a pa chilumba cha Shikoku. Anthu ake ndi osakwana 1,500, ndipo ambiri ndi okalamba ngati ine ndemwe. Mu 2003 anagwirizana kuti athetse zinyalala m'mudzi mwawo. Kumeneko kulibe galimoto yoyenda khomo ndi khomo kutola zinyalala. Aliyense amatsuka zake, n'kupita nazo yekha pamalo amodzi, n'kuzigawa m'magulu oposa 40. Mwa zinthu khumi zilizonse zimene amataya, pafupifupi zisanu ndi zitatu zimakagwiranso ntchito. Agogo a zaka 80 akukwanitsa magulu oposa 40, ife anyamata ndi atsikana amphamvu zathu magulu atatu akutikanika. Musandiuze kuti kumeneko n'kolemera. Kutsukuluza botolo sikufuna chuma.

Ndipotu si nzeru yachilendo kwa ife. Amayi anu ankapita kumsika ndi dengu pamutu. Usipa ankatikulungira m'pepala, mkate wa nthochi m'masamba ake omwe. Botolo la chakumwa unkalibweza kugolosale, ukalitaya kunyumba kunali mlandu. Chitini cha mkaka chinkasanduka koloboyi, nsanza n'kukhala mpira wa ana. Lero munthu wamkulu ndi ndevu zake agula tomato atatu, akuti "mundiikire m'jumbo," anyezi jumbo ina, mchere jumbo ina, kufika kunyumba zonse n'kuziponya kuseri kwa bafa kuti mphepo ya mwera idziwe kopita nazo.

Boma linaletsa majumbo opyapyala, osakwana ma micron 60 kukhuthala kwake, mu 2015. Makampani opanga mapulasitiki anathamangira kukhoti, koma mu 2019 khoti lalikulu la apilo linati chiletsocho chikhale. Nanga n'chifukwa chiyani mitengo ya m'mbali mwa msewu wa ku Senga Bay ikubala majumbo a buluu? Ogulitsa ali ndi mlandu wawo, inde, koma amene amatambasula dzanja kupempha ndi inu.

Ndiyankhulenso ndi inu amayi, ana anga, amene mumakolezera mbaula ndi jumbo. Ndimakuonani madzulo, mwawerama mukuuzira, utsi wakuda uja ukulowa m'mphuno, khanda lili kumbuyo likupuma womwewo. Mawa mwana akamatsokomola muziti chimfine cha nyengo. Udzu wouma ndi tizikuni zatha kodi? Ndipo inu abambo oweta, kafunseni opha mbuzi pamsika zimene amapeza akang'amba chifu. Mbuzi imadya jumbo chifukwa cha fungo la mchere ndi chakudya, jumboyo sagayika, imangounjikana m'mimba. Chiweto chikuonda pamene msipu ulipo, inu n'kumaloza mnansi wanu kuti wakulodzerani.

Chimene chimandisowetsa tulo ndi madzi. Kuno ku Salima n'kwachidikha, madzi sathamanga. Ngalande ikatsekeka ndi mabotolo ndi matewera, mvula ya tsiku limodzi yokha imalowetsa madzi m'nyumba, ndipo zithaphwi zotsalazo ndi zimene udzudzu umaswanamo. Zimene zakwanitsa kuyenda zimatsikira m'mitsinje, mitsinje n'kukatula m'nyanja. Nyanja yomweyo timasambamo, timachapamo, ena amatungamo akumwa, ndipo usipa umene mwadyera nsima lero wachokera momwemo. Mwaiwala kale kolera ya 2022 ndi 2023? Inatenga anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo maboma a m'mphepete mwa nyanja tinalira nawo kwambiri. Maliro ankaikidwa mwamsangamsanga, osasambitsa, osagona pasiwa. Ena mwa inu munataya abale. Ndiye lero mukutenga thewera lodzaza n'kuliponya mu ngalande, kapena kulibisa m'thumba kuti mwana wa eni akaligwire ndi manja. Kumbani dzenje lakuya pakhomo panu, kutali ndi chitsime, mukwirire momwemo.

Loweruka likubwerali ndikakhala pa shedipo kuyambira m'mawa, pa mpando wanga ndi ndodo yanga. Aliyense wobwera ndi thumba adzalimasula yekha pamaso panga. Ambiri a inu ndimadziwa makolo anu, ena ndinakuonani mukukwawa, ndiye tikapezamo zobisika ndidzakuitanani ndi dzina la bambo anu, ndipo mudzabwerera nalo pamutu mpaka kwanu. Magolovesi a mtsikana uja ndagula kale ndi ndalama yanga ya mpunga. Pa shedipo pali ana ena asanu amene akugwirabe ndi manja.