Wobereka pa opareshoni si waulesi

Ndatopa nawo mawu akuti "uja ndi wa mpeni, ululu wa mwana saudziwa." Amayi anzanga, timawanena ndife tomwe, pamjigo, kuchigayo, ngakhale pochokera ku mvano. Mtsikana wa mimba yoyamba amangomvetsera. Tsiku limene adokotala adzamuuza kuti njira yachepa, tiyeni ku fiyeta, iye amayamba waganiza za manyazi, za moyo wake pambuyo.

Sindikunena kuti aliyense azithamangira opareshoni, ayi. Ngati mayi ali bwino, mwana wagona bwino mutu uli pansi, kubereka mwachibadwa ndiye kwabwino ndipo thupi limabwerera msanga. Opareshoni ndi bala lalikulu: amacheka pamimba, amachekanso chiberekero, masabata angapo ndowa sungasenze, ndipo amakulangiza kudikira zaka ziwiri usanatenge pakati pena. Ngakhale a WHO, bungwe loona za umoyo pa dziko lonse lapansi, mu 2015 ananena kuti ichitike kwa mayi amene akufunikadi kutero. Koma kwathu kuno vuto si kuchuluka kwa maopareshoni. Kafukufuku wa dziko lonse wa 2015-16 anapeza kuti ana 6 okha pa 100 alionse ankabadwa pa opareshoni, pamene amayi 439 ankamwalira pa ana 100,000 obadwa amoyo. Chikutipha ndi kuchedwa.

Mwana akapingasa, nsengwa ikatseka njira, BP ikakwera mpaka mayi kuyamba kukomoka, mtima wa mwana ukayamba kufooka, kapena mayiyo ndi wa zaka 16 chiuno chisanakhwime, kulimba mtima sikuthandiza kanthu. Akhoza kukankha usiku wonse.

Ndinaziona ndi maso anga pamene ndinali gadiyani wa mlamu wanga pa chipatala china kuno ku Kasungu. Pa bedi loyandikana panali mtsikana amene matenda anamuyamba dzulo lake. Anamwino atabwera ndi pepala losaina, apongozi ake anangokhala pa chitenje pansi, miyendo atawongola, n'kumati: "Dikirani kaye, mwini wake ali kumunda wa fodya, foni sikugwira. Kubanja kwathu kulibe amene anang'ambidwapo." Mtsikana uja sanayankhule, anangogwira chitsulo cha bedi, thukuta lili kamukamu. M'chikwama chawo munali kabotolo ka mwanamphepo kokulunga m'mpango. Anamwino anachita kugwada n'kufunsa mwini thupi kuti, "Achemwali, inuyo mukuti bwanji?" Anasaina yekha. Mwana anatuluka wamoyo koma atatopa kwambiri, anayamba wakagona ku nazale.

Mpaka lero ndikaganiza za kabotolo kaja mtima umandiwawa. Mankhwala otero amakoka chiberekero mwamphamvu mopanda muyezo, ndipo ngati njira ndi yotseka chimatha kuphulika. Nanga za mapinga zija, zomukakamiza munthu ali pa ululu kuti aulule amuna amene anayenda nawo ndiye mwana atuluka? Nthawi imene tikumuzenga mlanduyo mutu wa mwana ukupanikiza chikhodzodzo. Ndi mmene ambiri amatengera fistula, mkodzo n'kumangotuluka osaleka, mpaka kukafuna thandizo ku Bwaila ku Lilongwe, mwamuna uja atathawa kalekale.

Kukhulupirira adokotala sikutanthauza kukhala duu. Funsani ku sikelo: mwana wagona bwanji, BP ili bwanji, ndikachirire kuti? Nanunso achipatala, tikudziwa ndinu ochepa ndipo mumatopa, komabe mawu awiri a Chichewa ofotokoza chifukwa chake amachotsa mantha kusiyana ndi kungoti "sainani apa." Mayi amene wakalipidwa lero ndi amene mimba yotsatira adzabisale kwa azamba.

Abambo, iyi ndi yanunso. Zipatala zing'onozing'ono za m'madera ngati Chamama, Santhe kapena Chulu sizichita opareshoni, zimatumiza ku boma, ndipo msewu wa nthawi ya dzinja mukuudziwa. Akauzidwa kuti akadikirire ku chidikiro, musawerenge za kupalira. Mukagulitsa soya kapena fodya patulani ya mayendedwe, ndipo muwauziretu amayi anu kuti achipatala akanena za fiyeta, mkazi wanu asadikire chilolezo cha munthu.

Amene munachitidwapo opareshoni, mimba yotsatira musayerekeze kuchirira kunyumba. Ena amabereka bwinobwino mwachibadwa ulendo wachiwiri, koma zimenezo zikayesedwe pa chipatala choti fiyeta ili pomwepo, adokotala akuyang'anira chipsera chija.