Mwana wonenepa kwambiri si mwana wathanzi

Zimandiwawa kuona mmene tikudyetsera ana m'matauni mwathu muno. Mwana wa zaka 7 akupuma wefuwefu atangothamanga pang'ono pabwalo, koma azakhali akumusisita masaya n'kumati, "Eee, wanenepa bwino, amayi ake akumusamala." Ayi ndithu, kumeneko si kusamala.

Taonani zimene akudya. M'mawa tiyi wa masupuni atatu a shuga ndi mandasi awiri. Kusukulu tchipisi ndi zigege zokazingidwa m'mafuta amene adera kale pachiwaya. Madzulo bambo akamaweruka, m'jumbo muli zakumwa zotsekemera, poti umo ndi mmene akuonetsera chikondi. Chitini chimodzi cha 330ml chimakhala ndi shuga wokwana masupuni aang'ono 8 kapena 9! Nkhwani wotendera ali pomwepo m'mbale, koma palibe womuuza mwana kuti adyeko, chifukwa makolowo nawo akungosankha nyama.

Ndikudziwa kumene maganizowa anachokera. Kafukufuku wa 2015-16 anapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka 5 m'Malawi muno ndi opinimbira, ndipo ambiri tikuikumbukirabe njala ya 2002. Mwana wowonda amatiopsa. Koma mantha amenewo asatichititse kum'kankhira mwana ku matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi akadali wamng'ono.

Chondipsetsa mtima kwambiri n'chakuti akanenepa mopitirira, achibale omwewo amayamba kumutcha mayina omunyoza ndi kumukalipira pagulu, ngati kuti ndi iyeyo amene amagula zakudya pakhomopo.