Miliyoni ndi yotchuka, koma ine ndimalemekeza 720,720

Ku Lizulu kuno, mlimi akagulitsa mbatata ya kachewere ndalama n'kukwana miliyoni, mbiri imafika kumudzi mwiniwake asanachoke pamsika. Chimwemwecho sindichitsutsa, koma monga munthu amene ndaphunzitsa masamu kwa zaka zambiri, ndikuti 1,000,000 ndi nambala yosauka m'kati mwake ngakhale yavala maziro ambiri.

Mukaiphwanya mpaka kufika pa ma prime number, omwe ndi manambala osagawika ndi nambala ina kupatula 1 ndi iwo eni, mumangopeza 2 ndi 5 basi, aliyense maulendo 6. N'chifukwa chake manambala oigawa popanda chotsala alipo 49 okha. Alimi atatu akagawana miliyoni, aliyense atenga K333,333 ndipo kwacha imodzi itsala. Akakhala 7 atenga K142,857 aliyense, kwacha imodzi n'kutsalanso. Ndikudziwa kuti kwacha imodzi masiku ano sigula ngakhale mtedza umodzi, koma pa masamu chotsala ndi chotsala. Ubwino wake ndi woti miliyoni imapezeka pochulukitsa 1,000 ndi 1,000, komanso 100 ndi 100 ndi 100.

Tsono taonani 720,720. M'kati mwake muli 2 maulendo anayi, 3 kawiri, kenako 5, 7, 11 ndi 13, ndipo zotsatira zake n'zakuti iyi ndiyo nambala yaing'ono kwambiri imene imagawika ndi nambala iliyonse kuyambira 1 mpaka 16. Kalabu ya alimi 11 ingagawane K65,520 aliyense, ya alimi 13 K55,440, ya alimi 16 K45,045, popanda wina kudandaula kuti waponderezedwa. Manambala oigawa alipo 240, ndipo palibe nambala yocheperapo imene ili ndi ochuluka chotere. Katswiri wa masamu wa ku India, Srinivasa Ramanujan, analemba za manambala a mtundu umenewu m'chaka cha 1915, n'kuwatcha ma highly composite number.

Chimandisangalatsa kwambiri ndi maonekedwe ake, pakuti 720 walembedwa kawiri. Zili choncho chifukwa 720,720 ndi 720 kuchulukitsa ndi 1,001, pamene 1,001 ndi 7 kuchulukitsa ndi 11 ndi 13. Ndiye kuti mukalemba kawiri motsatizana nambala iliyonse ya madijiti atatu, monga 365,365, idzagawika ndi 7, 11 ndi 13 mosalephera. Yesani pa foni yanu.

Dandaulo langa ndi lakuti ana athu timawaphunzitsa LCM (nambala yaing'ono kwambiri yogawika ndi manambala onse amene apatsidwa) ndi HCF (nambala yaikulu kwambiri yogawa manambala onsewo popanda chotsala) pogwiritsa ntchito tinambala ngati 12 ndi 18, motero amaloweza njira chabe osaona kuti nambala iliyonse ili ndi khalidwe lake. Ine ndimalemba 720,720 pabolodi n'kuwauza kuti afufuze nambala yoyamba imene ikane kuigawa. Amayesa imodzi ndi imodzi mokayika, mpaka afike pa 17, pamene pamatuluka 42,395 ndipo 5 amatsala.