Chipika chikakwera sitima, ntchito nayo yapita

Bambo anga anali kalipentala, ndipo ine ndinakulira mu utuchi. Mwina n'chifukwa chake mtima umandiwawa ndikaona zithunzi za zipika za mtengo wa teak zikulongedwa m'makontena zosacheka, makungwa ali pomwepo.

Kwa amene simuudziwa, teak ndi mtengo wa ku India, Myanmar, Thailand ndi Laos. Uli ndi mafuta akeake, moti chiswe chimaulambalala ndipo madzi saulowerera msanga. N'chifukwa chake anthu olemera a ku Ulaya ndi ku America amaufuna kuti ayale pansi pa maboti awo okawombedwera mphepo panyanja, pomwe ku India amapangira zitseko, mafelemu ndi mipando. Atsamunda ataona kuti ndi ndalama, anaubzala m'maiko ena, ndipo lero minda yake ilipo ku Ghana, Benin, Togo, Côte d'Ivoire, Tanzania ndi South Sudan.

Amene amagula zipika zambiri ndi India. Mu 1996 khoti lalikulu la dzikolo linaika malire okhwima pa kudula mitengo m'nkhalango zachilengedwe. Koma macheka sanaime. Amalonda anangoyamba kukatenga mitengo kwa ena. Kufupi ndi doko la Kandla, m'tauni ya Gandhidham ku Gujarat, kuli malo ochekera matabwa ambirimbiri amene amadya zipika zochokera kunja. Mtengo wakula zaka 20 kapena 25 m'dothi la ku Africa, wamwa mvula ya ku Africa, koma woucheka, woupala, woumitsa ndi wokhoma chitseko onse akulandira malipiro awo kutsidya la nyanja.

Amwenyewo sindikuwadzudzula. Anateteza nkhalango zawo, ntchito nazonso anazisunga. Funso langa lili kwa ogulitsa.

Taonani South Sudan. Minda ya teak ya ku Yei ndi ku Yambio inabzalidwa nthawi ya Angerezi. Pa nkhondo yofuna kudzilamulira yolimbana ndi boma la Sudan la ku Khartoum, mitengoyo inkagulitsidwa kuti papezeke ndalama zoyendetsera nkhondo. Ufulu unabwera mu 2011, koma malole sanasiye kutuluka ndi zipika kudzera ku Uganda mpaka ku doko la Mombasa. Mwana wobadwira pafupi ndi nkhalango zimenezo amakula akuona fumbi la malole basi. Mitengo imene inakakhala chiyambi cha mafakitale a mipando m'dziko latsopano ikupita ngati nkhuni. Izi zimandipweteka kwambiri, chifukwa mtengo si chimanga choti chaka chamawa ukololanso.

Bambo ankanena kuti pa chipika palibe chotaya. Zotsalira zazing'ono ankapangira timipando ta ana ndi zogwirira, utuchi ankatenga amayi oweta nkhuku, ndipo anyamata atatu kapena anayi ankaphunzira ntchito pa shedi yomweyo mpaka kukatsegula zawo. Chipika chikapita chathunthu, zonsezi zapita nacho: thabwa, zotsalira, utuchi, ndi luso lomwe.

Wina anena kuti basi, boma lingoletsa. Ndikugwirizana nazo, koma chiletso chokha sichimanga fakitale. Myanmar, komwe kuli teak wachilengedwe wabwino koposa, inaletsa kutumiza zipika kunja kuyambira pa 1 April 2014. Mitengo sinasiye kutuluka. Ina inkadutsa mozemba malire a kumtunda kulowa ku China. Asilikali atalanda boma mu February 2021, America ndi European Union anaika zilango pa Myanma Timber Enterprise, bungwe la boma limene limagulitsa matabwa kumeneko, komabe teak wa ku Myanmar wakhala akupezeka m'misika ya kumadzulo atadzera maiko ena, mapepala atasintha panjira.

Palinso kachinyengo kena kamene kamandikwiyitsa. Kumene lamulo limati mtengo uyenera kuchekedwa kaye, ena amangosenga chipika mbali zinayi kuti chioneke chamakona, n'kuchilemba kuti ndi thabwa. Ntchito ya mphindi zochepa, lamulo lakhutira, kontena yatsekedwa. Kalipentala aliyense akhoza kukuuzani kuti chimenecho chikadali chipika.

Chitsanzo chimene ndimachisirira ndi cha Indonesia. Pachilumba cha Java minda yambiri ya teak imayang'aniridwa ndi kampani ya boma ya Perhutani, alimi nawonso amabzala yawo m'minda, ndipo zipika siziloledwa kutuluka. Zotsatira zake ndi tauni ngati Jepara, kumene mabanja ambiri amadyera kusema ndi kupanga mipando yotumiza ku Ulaya. Mavuto alipo, koma amene akugulitsa kumeneko akugulitsa luso la manja awo pamwamba pa mtengowo.

Ife kuno nkhaniyi si yachilendo, kungoti dzina la mtengo n'losiyana. Abale athu a ku Zambia anaona mmene mukula unaseseredwera kupita ku China uli zipika, mpaka mu 2019 unaikidwa pa mndandanda wa mitengo yotetezedwa ndi pangano la CITES, loyang'anira malonda a pakati pa maiko a nyama ndi zomera zimene zili pangozi yotha. Kwathu kuno funsani kalipentala aliyense kuti thabwa labwino la mlombwa akulipeza bwanji masiku ano.

Ndiye maganizo anga ndi awa. Dziko limene lili ndi teak lisalole chipika, chozungulira kaya chosenga, kudutsa pachipata. Koma tsiku lomwe likulengeza chiletsocho, lionetsenso magetsi odalirika a macheka, ngongole zogulira makina oumitsira matabwa, ndi sukulu zophunzitsa achinyamata kupanga chitseko choti munthu wa ku Mumbai achigule chili chitseko. Ndipo wa kasitomu amene wadinda pepala loti chipika ndi thabwa akayankhe mlandu kukhoti, pamodzi ndi mwini kontena.