Nthabwala ya sitima ya akapolo ilekeke

Achinyamata inu, pali nthabwala ikuyenda pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp imene ikundiwawa mumtima. Mukumalemba kuti sitima ya akapolo itabweranso mungakwere nokha osadikira unyolo. Ena mpaka kudandaula kuti makolo anu ankathawiranji, bwenzi pano muli ku America. Pansi pake anzanu kuseka chikhakhali. Ndikudziwa kuti ntchito zikusowa ndipo ndalama sikugulanso kanthu, koma mavuto asakulankhulitseni zopanda mutu.

Sitimazo sizinkanyamula anthu okasaka maganyu ayi. Inali bizinesi ya anthu olemera a ku London, Bristol, Liverpool, Nantes ndi Lisbon, ambiri mwa iwo osapondako n'komwe ku Africa. Ankasonkherana mpamba anthu angapo, kugula sitima, kuipakira nsalu, mfuti, onga ndi mowa zokasinthanitsa ndi anthu, kulipira inshuwalansi, kenako kukhala phee kudikira phindu. Royal African Company, imene Mfumu Charles II inaipatsa chilolezo mu 1672, inkachita kugulitsa masheya. Anthu amene yagula inkawawotcha pakhungu ndi chitsulo chamoto kuti chizindikiro cha kampani chioneke.

Mukufuna kudziwa mmene ankakuonerani? Imvani za sitima yotchedwa Zong. Eni ake anali gulu la amalonda a ku Liverpool lotsogozedwa ndi William Gregson, munthu amene anakhalapo meya wa mzindawo. Mu 1781 inanyamula anthu oposa 400 kupita nawo ku Jamaica, kuwapanikiza mopyola muyezo. Matenda anabuka, oyendetsa anasokonekera mpaka kupitirira Jamaica. Tsono lamulo la inshuwalansi linali loti kapolo akafa ndi matenda, mwini wake waluza, koma katundu akatayidwa m'nyanja populumutsa sitima, inshuwalansi ilipire. Amalinyero anayamba kuponya anthu amoyo m'madzi, ponamizira kuti madzi akumwa atsala pang'ono kutha. Oyamba anali amayi ndi ana, kuwatulutsira pazenera. Onse pamodzi anaposa 130.

Gregson ndi anzake sanalire maliro. Anapita kukhothi ku London mu 1783 kukafuna kuti a inshuwalansi awalipire mapaundi 30 pa munthu aliyense, ndipo poyamba anawina. Mlanduwo sunali wakupha, unali wa katundu wotayika. Olaudah Equiano, amene naye anakhalapo kapolo, ndiye anakauza Granville Sharp, Mngelezi wolimbana ndi ukapolo, za nkhaniyi, ndipo Sharp anayesetsa kuti amalinyerowo aimbidwe mlandu wakupha, koma palibe ndi mmodzi yemwe anazengedwa. Ndiye mwana wobadwa mwa mayi n'kumalemba kuti ndikanakwera ndekha?

Musadzinamize kuti zimenezi zinali za ku West Africa kokha. Sitima zina zinkanyamukira ku Quelimane ndi pachilumba cha Mozambique, kuzungulira kumwera mpaka ku Brazil, ndipo m'katimo munali anthu ogwidwa kuchigwa cha Zambezi kuno. Mu December 1794 sitima ya Apwitikizi ya São José inasweka pafupi ndi Cape Town ili ndi anthu pafupifupi 500 ochokera ku Mozambique. Oposa 200 anamira. Opulumukawo anawagulitsa konko ku Cape.

Anthu pafupifupi 12.5 miliyoni anakwezedwa m'sitimazi, ndipo pafupifupi 2 miliyoni sanafike kutsidya. Mwa ofikawo, ochepa kwambiri ndiwo anatsikira ku America amene mukumusirirayu. Unyinji unakathera m'minda ya nzimbe ku Brazil ndi ku Caribbean, kumene ambiri ankafa msanga ndipo eni minda ankangoitanitsa ena. Britain itathetsa ukapolo ndi lamulo la 1833, inapereka mapaundi 20 miliyoni ngati chipukuta misozi kwa eni akapolo. Akapolowo sanalandire kalikonse.

Ngati mukufuna kupita kunja, pitani ndi mapepala oyenera, palibe akukuletsani. Koma amene munalemba nthabwalayi kaifufuteni lero lomwe. Inu oyang'anira magulu, ikalowa ichotseni, ndipo mumuitane mwana ameneyo pambali mumufotokozere za Zong.