Ku London n'kufupi pamapu pokha

Abale anga kumudzi, funso loti "bwanji simuyenderana ndi achemwali anu aku London poti ndi pafupi?" landitopetsa. Inde, kuchokera kuno ku Dublin kukafika ku London ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 460, osafika ngakhale mtunda wa pamsewu wochokera ku Blantyre kupita ku Mzuzu. Ndege imakhala m'mwamba ola limodzi ndi mphindi 20 kapena kucheperako. Zimenezi n'zoona. Koma ulendowu suyambira m'mwamba.

Tikiti yotsika mtengo ija imakhala ya ndege yonyamuka mbandakucha, ndiye munthu umadzuka usiku, kunja kukuzizira, n'kumathamangira basi ya kubwalo la ndege. Amati ufike kutatsala maola awiri. Ukafika, mzere wa achitetezo: vula lamba. Chikwama chikakulirapo pang'ono amakulipiritsa, nthawi zina ndalama yoposa ya tikiti yeniyeniyo. Ndipo kodi mukuganiza kuti ndege yotchipayo imakutsitsa pakati pa London? Ayi ndithu. Ukatera pabwalo la ndege la Stansted uli kutali ndi tauni, sitima yokafika kusiteshoni ya Liverpool Street mu London imadya mphindi pafupifupi 50, kenako ukwerenso ya pansi pa nthaka. Pokagogoda pakhomo pa achemwali theka la tsiku lapita, thupi lili lobooka.

Izi n'zazing'ono. Chimene chimandiwawa kwenikweni ndi pepala. Ireland ndi Britain ali ndi mgwirizano wakale wotchedwa Common Travel Area, woti nzika zawo zizidutsa momasuka. Nzika zawo, osati ife. Mnzanga wa kuntchito, mbadwa yakonkuno, amaganiza Lachinayi zokaonera mpira ku England, Loweruka ali m'bwalo. Ine ndi pasipoti yanga ya Malawi, ngakhale ndili ndi chilolezo chokhala ku Ireland ndipo msonkho ndimakhoma mwezi ndi mwezi, ndiyenera kupempha viza ya Britain: kudzaza mafomu pa intaneti, kulipira mapaundi oposa 100, kukadinda zala, kuonetsa za kubanki, kenako kudikira masabata atatu. Akakukana, ndalama ija sibwerera. Ndiye mukamatiimbira kuti ku London kwagwa zovuta, tikakuyimireni mawa, mumafuna tidutse pati?

Wina anandilangiza kuti ndizikwera sitima ya pamadzi yopita kudoko la Holyhead ku Wales, kuti mtengo wake ndi wabwinoko. Maola atatu ndi chinachake panyanja, ena pafupifupi anayi pasitima ya pamtunda kukafika kusiteshoni ya Euston mu London, ndipo viza ija ikufunikabe.

Achemwali ndimalankhula nawo pa WhatsApp Lamlungu lililonse, monga momwe ndimalankhulira ndi inu muli ku Ntcheu. Chonde lekani kuwauza amayi kuti ndine wonyada.